Mzungu Amene Anadzagwira Usipa

Pamene tinkasamukira kumpoto kwa Leicester, kumalire a Beaumont Leys, msewu wathu unali wa azungu okalamba. Ine, mwamuna wanga ndi ana athu awiri tinali anthu akuda oyamba mumzere wathu wa nyumba. Ndinkagwira ntchito ya keya, yoyendera okalamba m'makomo mwawo: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala ndi tiyi, kenako kuthamangira khomo lina. Choncho nyumba zambiri za m'deralo ndinkazidziwa mpaka mkati, ngakhale kabati imene munkakhala shuga.

Ndinazionanso zikukhuthuka. Munthu unkamusambitsa Lolemba, pofika Lachisanu a ku ofesi akukuimbira foni kuti usapiteko, amutengera kuchipatala. Pakapita miyezi unkangoona chikwangwani chogulitsa nyumba pageti, kenako makatani achilendo pawindo ndi tinsapato ta ana pakhomo. Munalowa a ku Poland, Asomali, a ku Zimbabwe, amwenye othawa kuthithikana kwa ku Belgrave, ndi ife Amalawi apa ndi apo. Palibe amene anathamangitsa mnzake. Nyumbazo inkagawa ndi imfa.

Kumapeto kwa msewu kunali mashopu atatu ogundizana: ya nyuzipepala, yometera tsitsi, ndi butchala. Butchalayo inatsekedwa mwini wake atayamba kuvutika miyendo. Banja lina la ku Poland linaitenga n'kumagulitsamo masoseji akwawo ndi buledi wakuda, koma itadutsa voti ija yoti dziko lino lichoke m'gulu la mayiko a ku Ulaya, mitima yawo inachoka. Analongedza n'kubwerera kwawo. Mawindo anamatidwa manyuzipepala, ndipo shopuyo inakhala choncho nyengo yonse yozizira.

Masiku amenewo ufa ndinkakagula kutali, kukwera mabasi awiri, n'kubwerera thumba lili pamiyendo. Ndiye tsiku lina ndikuchokera ku shifiti ndinadutsa pa butchala yakale ija, chitseko chili chotsegula, ndipo fungo linandiimitsa. Linali fungo la usipa wouma. Ndinasuzumira. Mkatimo munali bambo wina wachimwenye wa imvi, atakwera pamakwerero, foni ili pakhutu, akukalipa kuti, "Iwe, ndinakuuza ufa woyera, osati mgaiwa wokhawokha! Anthu anga adya chiyani?"

Ndinaseka mokweza mpaka iwo anatembenuka.

"Mayi, ndinu akumudzi?" anandifunsa.

"Ku Thyolo."

"Aa! Ine ndinabadwira ku Luchenza, kuseri kwa sitolo ya bambo anga. Lowani, musaime pakhomo ngati mlendo."

Bambo a shopu amenewa anachoka ku Malawi ali mnyamata, koma Chichewa chawo chinali chosathothoka. Akazi awo, amene tonse tinkangowaitana kuti mayi a shopu, anakulira ku Limbe. Anali Asilamu opemphera, anthu odekha. M'shopumo anaikamo ufa, mpunga wa ku Karonga, nyemba, nandolo, matemba, chigwada cha mufiriji, ndi za anthu ena onse a mumsewumo: nthochi zophika za a ku West Africa, zokometsera za Asomali, ngakhale nkhaka za m'mabotolo za a ku Poland amene anatsala. Koma nyumbayo sanaisinthe. Makoma anali akadali a matailosi oyera a butchala, kudenga kunali kukadali chitsulo chokhala ndi ngowe zopachikira nyama, ndipo kumbuyo kunali chipinda chozizira cha chitseko chokhuthala chachitsulo. Makina oziziritsa anawathimitsa, n'kumasungiramo matumba a ufa ndi mpunga.

Loweruka pankakhala ngati pamsika. Manesi ochoka kuchipatala, ife a keya, anzathu a ku Zambia ndi Chinyanja chawo, tonse tinkaima pakati pa mashelefu kufunsana za maliro ndi maukwati akumudzi. Azungu okalamba a mumsewumo ankafika pakhomo, kusuzumira, ena n'kubwerera. Ena ankalowa kudzagula mkaka n'kutuluka msanga atagwira mpweya.

Mmodzi yekha ndiye ankalowa tsiku lililonse. Anali mayi wokalamba kwambiri, wamtali, wowonda, wovala chikhothi chobiriwira nthawi zonse, ndipo pashopupo tinkawatchula kuti agogo a chikhothi. Sanali mwa okalamba amene ndinkawayendera, koma ndinkadziwa kuti amakhala okha m'nyumba ya pakona. Ankalowa, kupita kukaima pamene panali kauntala ya butchala, pamene tsopano panali shelefu ya mafuta ophikira, n'kuitanitsa m'Chingerezi nyama ya nkhumba yodula bwino. Bambo a shopu ankawayankha mwaulemu kuti kulibe, n'kuwapatsa mkaka ndi buledi. Mawa lake chimodzimodzi. Ife a keya tinkadziwa kuti amenewo ndi matenda a kuiwala aja a ukalamba, amene kuntchito timati dimensha.

Tsiku limene zinayamba kunali kozizira, masana ake amdima monga kumakhalira kuno mu Disembala. M'shopumo tinalimo anayi: ine, bambo a shopu patilu, mayi a shopu akusanja katundu m'mashelefu, ndi agogo a chikhothi. Ndinali nditawerama kusankha tomato pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Usipa uwu ngwowawa. Anauyanika kuli mitambo."

Ndinatembenuka ndikumwetulira, ndikuganiza kuti walowa mnzathu wakumudzi. Pakhomo panalibe munthu. Ndinayang'ana mayi a shopu, iwo akuyang'ana ine, chitini chili m'manja. Pafupi ndi katoni ya usipa panali agogo aja okha. Anali atavula gulovu, dzanja lawo loyera lili mkati mwa katoni, akufikisa kansomba pakati pa zala, kenako n'kukanunkhiza.

"Ngwowawa," anabwereza. "Uudule mitu, apo ayi mwana akana."

Azungu olankhula Chichewa ndinawamvapo, ansembe ndi madokotala akumudzi, ndipo Chichewa chawo chimadziwika, chimayenda ngati munthu wovala nsapato za eni. Ichi sichinali chotero. Anali mawu a mzimayi wakwathu weniweni, wa kumapiri a tiyi, kakwezedwe ndi katsitsidwe kake komwe. Ndikanatsinzina ndikanati ndi mmodzi wa azakhali anga.

"Agogo," ndinatero, "mumalankhula Chichewa?"

Anandiyang'ana maso ali gwa, n'kundifunsa m'Chingerezi chaulemu ngati ndikufuna kudutsa. Anavala gulovu yawo, kulandira mkaka ndi buledi, n'kutuluka. Mayi a shopu ananong'ona pemphero la Chiarabu. Bambo a shopu anaseka pang'ono, koma kuseka kwawo kunali kouma.

"Mwina anali a mishoni," anatero.

Kuyambira tsikulo za nyama ya nkhumba zinatha. Agogowo ankalowa n'kulunjika kumene kunali zakudya zakwathu, kugwiragwira nyemba, kupapasa thumba la ufa, akulankhula. Ndinayamba kudzera pashopupo ndikaweruka, ndipo ndisaname, ndinkapita kuti ndikawamve. Chimene ndinazindikira msanga n'chakuti mawuwo sanali awo. Anali mawu a munthu wamkulu akulankhula ndi kamwana.

"Usapite kumtsinje wekha, wamva?"

"Idya msanga, adona asanabwere. Akakuona ukudya ndi manja andikalipira ine."

"Tonthola, tonthola. Bwana agona."

Ankalankhula akuyang'ana pansi, cha m'mawondo mwawo, ngati pali kamwana kaimirira pamenepo. Nthawi zina ankaweramira mpweya n'kuupukuta pakamwa ndi chala. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Iwe ndiwe mwana wa yani?" Ndinatchula mudzi wa amayi anga. Anagwedeza mutu ngati akuudziwa, n'kunena kuti, "Kutsidya kwa mlatho." Kumudzi kwathu kulidi mlatho. Koma ndi mudzi uti ku Thyolo umene ulibe kamlatho? Ndinadziuza choncho ndikupita kunyumba, ndipo ndinadziuzanso kangapo ndisanafike.

Kuntchito anatiphunzitsa kuti munthu wa matendawa amataya za dzulo n'kutola za ubwana, ndipo chinenero chimene anachisiya kalekale chimatha kubwerera. Zimenezo ndinawafotokozera mayi a shopu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Achemwali, ine sindikukana za sukulu zanuzo. Koma mwana akakumbukira, amakumbukira mawu ake. Uyu akulankhula ndi pakamwa pa munthu wina. Munthuyo ali kuti?"

Chimene chinawaopsa kwambiri chinali chitseko chachitsulo chija. Agogowo anayamba kumaima moyang'anana nacho. Akamatero mawu ankasintha, ankakhala aang'ono, a kamtsikana. "Amama," ankaitana. "Amama, tulukani." Kenako ankatchera khutu, n'kugwedeza mutu ngati ayankhidwa. Mayi a shopu anawauza amuna awo kuti sadzalowanso m'chipindamo okha, ufa azikatulutsa eni ake.

Loweruka lina m'shopu muli anthu ambiri, nesi wina wa ku Zambia anafuna kuchita nawo nthabwala. Anawafunsa kuti, "Amama anuwo ali kuti, mbuya?" Agogowo analoza chitseko chija osatembenuka n'komwe. Kenako mawu a munthu wamkulu aja anatuluka, otsika, osathamanga.

"Wanga ndinamusiya kumudzi thupi likutentha. Ndinapempha, adona anakana. Akuti alendo akubwera, mwana atsala ndi yani."

Wina anathimitsa nyimbo imene inkalira pafoni yake.

"Anabwera kudzandiuza m'mawa, ndikukusambitsa iwe. Wanga wapita. Watsala iwe." Anaweramira kamwana kosaoneka kaja. "Usalire. Ukalira andichotsa ntchito."

Mzimayi wina amene anali ndi khanda kumbuyo anasiya basiketi yake pansi n'kutuluka. Nesi wa ku Zambia uja anagwira pakamwa. Ine misozi inkangotsika, koma sindinganene kuti inali ya chisoni chokha. Ndinali ndi mantha, mantha enieni, ngati amene umakhala nawo ukalowa m'nyumba ya maliro mosadziwa.

Patangopita masiku ochepa, ndili kunyumba masana ndikusita mayunifolomu, foni inalira. Anali mayi a shopu. Amuna awo anali atapita kukaoda katundu, ndipo iwo anali okha.

"Bwerani msanga. Agogo aja analowa, sindinawaone akutuluka, koma m'shopu mulibe. Ndipo kuchipinda kuja kukumveka kuimba."

Ndinathamanga ndi masilipasi. Ndinawapeza ataima panja, pamphepo, atakumbatira mikono. Tinalowa limodzi. M'shopumo munali phee, firiji yokha ikulira. Kenako ndinaimva nyimboyo, yochokera kuseri kwa chitsulo, yapansipansi. Inali nyimbo yogonekera mwana. Sindinaimvepo kwina kulikonse, koma kayendedwe kake kanali kakwathu, kaja koyenderana ndi dzanja likamasisita kumsana.

Chitsekocho chinali chotseka, ndipo chogwirira chake, chimene chili kunja kokha, chinali chitagwera m'malo mwake.

"Ine sindinachikhudze," anatero mayi a shopu. "Mulungu ndi mboni."

Ndinachikoka ndi manja awiri. Mkatimo munali mdima, fungo la ufa ndi chinyezi. Kuwala kwa m'shopu kutalowa ndinawaona. Anali atakhala pa thumba la mpunga, chikhothi atavula, nsapato atavula, ataziika bwinobwino pambali. Thupi lawo linali litapendekera kumanzere, mutu utatsamira, mmene amakhalira mwana akatsamira pachifuwa cha munthu. Kumanzereko kunalibe khoma kapena thumba. Munthu wa msinkhu umenewo, amene ankavutika kukwera sitepe ya pakhomo, sindikudziwa kuti ankakhazikika bwanji chotero osagwa.

Kuimba kunasiya. Anatsegula maso n'kundiyang'ana.

"Tseka," anatero ndi mawu a kamtsikana. "Amama atopa."

Miyendo yanga inkafuna kubwerera, koma manja anachita zimene anazolowera kuntchito. Ndinagwada, kuwaveka nsapato, kuwafunditsa chikhothi. Mapazi awo anali ozizira ngati mwala, koma tsaya lakumanzere, limene ndinaligunda powakonza kolala, linali lofunda. Ndinawauza m'Chichewa kuti tiyeni kunyumba, Amama apume. Anadzuka osavuta.

Bambo a shopu atabwera anationetsa kuti chitsekocho chikakankhidwa pang'ono chimabwerera chokha, chifukwa pansi pake m'popendekeka, ndipo chikamenya mwamphamvu chogwirira chimagwa. Anayesa pamaso pathu. Ulendo woyamba chinagwadi. Maulendo enawo chinakana. Tsiku lomwelo anachichotsa chogwiriracho ndi sikuludiraiva.

Nditawaperekeza agogowo kunyumba ya pakona ndinapeza galimoto pageti. Anali mwana wawo wamkazi, mayi wa zaka zopitirira zanga, amene ankakhala ku Oadby ndipo ankabwera kamodzikamodzi kudzawaona. Anali atazungulira msewu wonse kuwafunafuna. Tinawakhazika pampando pafupi ndi hita, ndipo ndili m'khitchini ndinamufunsa m'Chingerezi ngati amayi ake anakhalako ku Africa.

Anadabwa. Anati inde, anabadwira kumeneko, bambo awo ankayang'anira munda wa tiyi m'dziko limene kale linkatchedwa Nyasaland, koma anabwera kuno ali kamtsikana ndipo sankazikamba. Iye mwini anazimva kwa wachibale wina, osati kwa amayi ake.

"Mwadziwa bwanji?" anandifunsa.

"Akulankhula chinenero chathu. Ine kwathu ndi komweko."

Anakhala pansi. Anati wakhala akuwamva akutulutsa mawu achilendo, ndipo ankaganiza kuti ndi phokoso chabe la matendawo. Kenako anaseka mowawa n'kundiuza kuti amayi akewo ndi amene ankadandaula kwambiri za kusintha kwa msewuwo. Ankati m'basi simukumvekanso Chingerezi, ndipo shopu yatsopanoyo ikununkha.

"Ndiye amati chiyani?" anandifunsa.

Ndinayamba ndi zopepuka, za kumtsinje ndi za kudya ndi manja. Anamwetulira. Ndinaganiza zolekera pomwepo, koma anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti nkhope yanga ikuoneka kuti pali zina. Ndinamuuza za mlezi uja, mzimayi amene ankalera amayi ake, ndi za mwana wake amene anamwalira kumudzi iye atakanizidwa kupita. Anayang'ana ketulo. Pomaliza anati, "Adona amenewo ndi agogo anga. Ankandilukira masweta."

Patapita milungu ingapo a ku ofesi anandiuza kuti banja lina lapempha ine ndi dzina, ndipo nyumba ya pakona inalowa pa maulendo anga a m'mawa. Pashopu agogowo sanapitekonso, chifukwa mwana wawo anaikitsa loko wina pachitseko cha nyumba yawo. M'miyezi imeneyo Chingerezi chawo chinkatha ngati madzi m'chidebe chobooka. Poyamba chinkabwera masana, kenako mawu amodziamodzi, kenako chinatheratu. Mwana wawo ankabwera kuchokera ku Oadby, kukhala pambali pa bedi, ine n'kumamasulira pakati pa mayi ndi mwana wake wobereka yekha. Ankawauza kuti, "Amayi, ndine," ndipo iwo ankandifunsa ine kuti, "Mzungu uyu akufuna chiyani?" Zimenezo sindinkamasulira zonse.

Zakudya za m'mapaketi anazikana. Bambo a shopu atamva anandipatsa ufa wa mgaiwa ndi nsinjiro, ndipo ndinkawaphikira phala m'khitchini ya mzungu, m'kapoto kawo ka mkaka. Ankadya pokhapokha ndikawalankhula ngati mwana, ine amene ndinaleredwa kuti munthu wa imvi sumutchula kuti iwe. Ndinkati, "Yasamula, idya ukule," iwo n'kuyasamula.

M'nyumbamo sindinkakhalamo momasuka. Munali mwaukhondo, mawotchi akugunda, zithunzi za amuna awo omwalira zili pakhoma, ndipo munalibe kanthu kalikonse kochokera ku Africa, ngakhale kachiboliboli. Koma ndikamawasambitsa ankakonda kuyang'ana kuseri kwa phewa langa, maso akutsatira chinthu chimene chinkayenda kuchoka pakhomo kupita pawindo. M'mawa wina ndikulowa m'chipinda ndi beseni anamwetulira n'kunena kuti, "Lero mwabwera awiri."

"Ndili ndekha," ndinatero.

"Iyayi. Ali kumbuyo kwakoko. Amubereka."

"Amubereka yani?"

"Wawo uja. Wachira."

Sindinatembenuke. Ndinawasambitsa nkhope, m'khwapa, kumsana, kuwadzoza mafuta, kuwaveka, khosi langa lili gwa ngati lagwidwa ndi dzanja. Pochoka ndinatuluka chammbali, maso ali pansi. Nditafika panja ndinaima pageti kupuma, ndikuyang'ana ana a Asomali akupita kusukulu ndi zikwama zawo, mpaka mtima unabwerera m'malo. Madzulo ndinamuuza mwamuna wanga. Iye anati ndipemphe kuti andisinthe nyumba. Ndinati ndiganiza, koma m'mawa mwake ndinapitanso, chifukwa ndikanapanda kupita agogowo akanagona ndi njala.

Anagwa m'bafa chakumayambiriro kwa nyengo yofunda, tsiku limene sinali shifiti yanga. Kuchipatala anapeza kuti athyoka chiuno, ndipo atatuluka sanabwererenso kunyumba. Mwana wawo anawapezera malo kunyumba yosungira okalamba cha ku Loughborough, atafufuza kaye n'kumva kuti kumeneko kuli wantchito wa ku Chipata wolankhula Chinyanja. Ndinakawaonako kamodzi. Sanandizindikire, ndipo sanalankhule chinenero chilichonse. Anamwalira masamba a mitengo asanayambe kugwa.

Pamwambo wa maliro tinalipo ochepa. Panali mwana wawo ndi banja lake, okalamba awiri a mumsewu mwathu, ine, ndi bambo a shopu amene anatseka shopu m'mawa wonse n'kudzaima kumbuyo, chipewa chili kumutu. Mayi a shopu sanabwere. Wolalikira anakamba za ntchito imene malemuwo ankagwira ku ofesi ya fakitale ya masokosi ndi za maluwa a m'munda mwawo. Za ku Thyolo sizinatchulidwe. Kenako katani inatsekeka yokha, bokosi n'kupita kukawotchedwa, monga amachitira kuno. Nyumba ya pakona inagulidwa ndi banja la ku Sudan la ana ambiri, ndipo anadula maluwa a kutsogolo kuti papezeke poimika galimoto.

Chaka chisanathe mwana wawo uja anandiimbira foni. Anati nkhani ya mlezi ija ikumusowetsa tulo. Ankafuna kudziwa ngati kungatheke kupeza abale ake a mzimayiyo, kuti mwina apite, akaone manda, akanene mawu. Ndinamufunsa dzina la mleziyo. Sankalidziwa. Dzina la munda wa tiyi sankalidziwanso bwino, ndipo onse amene akanadziwa anali atamwalira. Ndinamulonjeza kuti ndifunsa kumudzi.

Ndinaimbira azakhali anga, amene anathyola tiyi moyo wawo wonse ndipo tsopano amagulitsa nthochi pamsika. Ndinawapeza ali pamalonda, phokoso la maminibasi lili m'makutu. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa katoni ya usipa mpaka pa chipinda chachitsulo. Ankangoti "ee, ee," pena n'kusiya kuti atsatse nthochi.

"Ndiye mukuti dzina lake simulidziwa?" anafunsa nditamaliza.

"Sitilidziwa. Timangodziwa kuti ankalera mwana wa bwana, ndipo wake anamwalira iye ali kuntchito."

"Mwanawe, ukandifunsa choncho ndikupatsa midzi yonse ya kuno. Amayi a agogo ako aamuna zinawachitikira. Mkazi wa kwa oyandikana nafe uja wa diso limodzi, amayi ake zinawachitikira. Ndiloze manda ati?"

Kenako anafunsanso.

"Nanga mzunguyo anamuika kuti?"

"Sanamuike. Anamuwotcha."

"Kumuwotcha!" Ndinamva akuuza wina kuti nthochi zakupsa zili mudengu linalo. Kenako anabwerera pafoni. "Umuuze mwana wakeyo kuti ngati akufuna kubwera abwere, timulandira. Koma asabwere nthawi ya mvula, msewu wa kuno wawonongeka."

Ndinamuuza mayi wa ku Oadby uja mawu onsewo monga ndinawamvera. Anathokoza, n'kunena kuti akambirana ndi mwamuna wake za ulendowo. Chaka chotsatira ine ndinapeza ntchito kuchipatala cha ku Nottingham ndipo tinasamuka, moti sindinamve ngati anapita.